Intavyu yoyamba ndinagwa chifukwa chokhala chete

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti ma intavyu a ku kampani ya mapulogalamu amayenda bwanji, ena akufuna ndiwatumizire mafunso amene anandifunsa ngati kuti ndi past paper ya mayeso, ndiye ndati ndingolemba zonse kamodzi, zabwino ndi zochititsa manyazi zomwe. Ndinachita ma intavyu ku makampani awiri. Koyamba ndinagwa, kwachiwiri ananditenga, ndipo chodabwitsa nchakuti code (malangizo amene timalembera kompyuta) imene ndimadziwa nthawi ziwiri zonsezi inali pafupifupi yomweyo. Mayina a makampaniwo sinditchula.

Nthawi imeneyo ndinali nditagwira zaka ziwiri ndikulemba Python ndi SQL, zilankhulo zolembera code, pa kampani yaing'ono, ntchito ya backend, ija yosaoneka ndi maso yomwe anthu amangoikumbukira tsiku limene system yagwa. Ntchito yoyamba ndinaiona pa LinkedIn, ndinatumiza CV ya tsamba limodzi ndi link ya GitHub, website imene timasungirapo code yathu, patatha sabata ndi theka imelo inabwera yoti tikambirane kwa mphindi 30.

Kukambirana koyamba kumakhala ndi recruiter, munthu wa HR, si injiniya ayi, ndipo iye sakufuna kumva za algorithm. Akufuna adziwe ngati uli munthu weniweni, ngati zimene walemba mu CV ukuzidziwa, ungayambe liti, ndi ndalama zimene ukufuna. Apa mpamene ndinapanga phuma koyamba. Mayi aja atandifunsa kuti ndikuyembekezera malipiro a ndalama zingati ine ndinangotchula nambala yomwe inabwera mmutu, nditaonjezera pang'ono pa zimene ndimalandira, ndipo iwo anangoti chabwino msangamsanga, ndipo mtima unandiuza pomwepo kuti ndadzigulitsa motchipa. Chimene ndinadzaphunzira pambuyo pake nchakuti palibe cholakwika kubweza funsolo mwaulemu, kunena kuti kodi pa udindo umenewu mwakonza malipiro oyambira pati kulekeza pati, ambiri amayankha chifukwa bajeti amakhala nayo kale.

Kenako ananditumizira mayeso a pa HackerRank, website ya mayeso a code, mphindi 90, mafunso awiri. Umakhala wekha, palibe okuyang'ana, koma wotchi ikuyenda pakona ya sikirini. Chimene chimapweteka apa ndi ma test obisika, code yako imadutsa zitsanzo ziwiri zimene akuonetsa, iwe nkumasangalala, ukadina submit zofiira mbwee chifukwa akuyesa ndi list yopanda kanthu kapena manambala 100,000 nthawi imodzi ndipo code yako ikuchedwa mpaka nthawi kutha. Funso loyamba ndinakhoza lonse, lachiwiri ma test atatu anakana, komabe anandiitana gawo lotsatira, ndiye musataye mtima mukaona kuti simunakhoze zonse.

Tsopano gawo limene linandigwetsa. Mphindi 45 pa Google Meet ndi injiniya mmodzi, bambo wodekha wovala mahedifoni, anandipatsa link ya editor yomwe tonse timaona zimene ndikulemba, chilembo chilichonse, ngakhale ndikafufuta. Funso lake linali loti, uli ndi list ya manambala ndi nambala ina imodzi, peza manambala awiri mu list amene ukawaphatikiza akupereka nambala imeneyo, ubweze malo amene ali. Amene mumapanga LeetCode, website ya mafunso oyeserera code, mukulidziwa, ndi Two Sum, funso nambala 1 lenilenilo. Ndinali nditalipanga kale kawiri konse. Mumtima ndinati lero ndiye ndalowa.

Ndiye ndinangoyamba kulemba osanena kanthu. Ndinalemba loop mkati mwa loop ina, kutanthauza kuyesa nambala iliyonse ndi inzake yonse imodziimodzi, ndili pakati ndinakumbukira kuti njira imeneyi ndi yochedwa, ndinafufuta zonse, ndinayamba ya dictionary, mosungira manambala amene wawaona kale kuti uwapeze msanga, ndinaiwala kuti ndisunge nambala kapena malo ake, ndinafufutanso. Nthawi yonseyi kuli zii, kumangomveka keyboard. Bambo aja anadikira mwina mphindi zisanu ndi zitatu kenako anandifunsa mofatsa kuti mukuganiza chani pakadali pano, ndipo yankho langa, mpaka lero ndimachita manyazi ndikalikumbukira, linali lakuti ndikuganiza. Basi. Ndinabwerera ku keyboard.

Nditamaliza anati tiyese ndi list ya 3, 2, 4 ndipo tikufuna 6. Yankho lolondola ndi 2 ndi 4. Code yanga inabweza 3 ndi 3, nambala imodzi yomweyo kuiwerenga kawiri, chifukwa ndimaika nambala mu dictionary kaye kenako nkumafufuza mnzake, ndiye 3 amadzipeza yekha nkumati mnzanga ndi uyu. Kukonza kwake nkungosinthanitsa mizere iwiri, ufufuze kaye kenako uike. Koma mutu unali utaima, thukuta mmanja, ndinayang'ana mizere isanu ndi umodzi ija ngati yalembedwa ndi munthu wina, mpaka iwo anachita kundilozera. Anandifunsa kuti njirayi ndi yachangu bwanji poyerekeza ndi ya ma loop awiri, ndinayankha kuti O(n) ndi O(n²), zomwe ndi zoona, koma ndinangotchula ngati ndakatulo yoloweza osafotokoza kuti pa manambala 10,000 njira yochedwayo imayerekeza ma pair pafupifupi 50 miliyoni pamene ya dictionary imangodutsa kamodzi. Ndinkadziwa. Sindinanene.

Patatha masiku 9 imelo ija yodziwika inabwera, tathokoza chifukwa cha nthawi yanu koma tapitirira ndi ena. Ndinakhumudwa masiku awiri kenako ndinalimba mtima ndikulembera mayi a HR aja kuti ngati nkotheka andiuzeko pamene ndinalakwitsa. Makampani ambiri sayankha zimenezi, ena malamulo awo sawalola, ine ndinachita mwayi anandiyankha mizere iwiri. Anati injiniya uja analemba kuti yankho ndinalipeza koma sanathe kuona mmene ndimaganizira, ndipo sindinafunse funso ngakhale limodzi ndisanayambe.

Poyamba zinandinyansa, ndinati ndiye amafuna ndiziimba nyimbo uku ndikulemba code? Koma nditakhala pansi ndinaona kuti akunena zoona. Munthu ujatu yankho la Two Sum amalidziwa kale, waliona kambirimbiri, sakufuna kuti iwe umuphunzitse. Akudzifunsa kuti munthu uyu ndikakhala naye pa timu, tsiku limene zinthu zavuta usiku, adzandiuza chimene chikuchitika kapena adzangoti zii maola atatu kenako nkubwera ndi chinthu cholakwika. Mu mphindi 45 zija ine ndinamuonetsa ndendende munthu wachiwiriyo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ine ndinadya lonse pa kamera.

Miyezi itatu yotsatira ndinasintha kakonzekeredwe. Mafunso a LeetCode ndinachepetsa, kale ndimathamangitsa chiwerengero kuti ndione ndapanga angati, tsopano ndimapanga limodzi patsiku koma ndikulankhula mokweza ngati pali munthu. Ndimadzijambula pa foni nkumadzionera, zowawa kwambiri kudzimvera wekha ukunena eeh eeh kakhumi pa mphindi imodzi koma zimathandiza. Ma programmer ali ndi chizolowezi chija amati rubber duck, kufotokozera kachidole code yako mzere ndi mzere mpaka vuto ulione wekha, ine ndinalibe kachidole ndimafotokozera charger ya laputopu. Mnzanga wina amene ali patsogolo pa ntchitoyi amandipanga intavyu yoyeserera Loweruka lililonse, ndipo anali wankhanza bwino, ndikangokhala chete masekondi 20 amagogoda tebulo.

Iyeyo ndi amene anandizoloweretsa kuti ndisakhudze keyboard ndisanabwereze funso mmawu anga, ndisanafunse zinthu ngati kodi list ingakhale yopanda kanthu, manambala angabwerezedwe, alipo a negative, ndibweze chani ngati yankho palibe. Kenako unene njira yophweka ngakhale ili yochedwa, uinene kuti ndi yochedwa ndipo chifukwa chake ndi ichi, ndiye upereke yabwinoyo, ufunse ngati akugwirizana nazo, kenako ulembe. Ukamaliza usadikire iwo akupezere bug, cholakwika cha mu code, tenga chitsanzo chaching'ono uyende nacho wekha mokweza. Ndikanachita chomalizachi tsiku lija 3 ndi 3 uja ndikanamugwira ndekha, ndipo kugwira bug yako wekha pamaso pawo kumakukweza kuposa kulemba code yopanda bug mwakachetechete.

Za zoti muwerenge sindikhalitsapo chifukwa zili paliponse, ma array, hash map, string, recursion pang'ono, ma tree, binary search ndi chifukwa chake pa zinthu 1 miliyoni zosanjidwa imangofuna masitepe pafupifupi 20, ndipo ngati ntchitoyo ndi ya backend JOIN ndi GROUP BY ndi index muzidziwe bwino. Musanyoze mafunso ophweka, FizzBuzz, funso la code lophweka kwambiri, inatchuka mu 2007 ndendende chifukwa anthu ofunsira ntchito amakanika kuilemba, ndipo mantha akakugwira nawenso ukhoza kukanika.

Kampani yachiwiri inali ndi kachitidwe kena. Atatha a HR, amene ulendo uno ndinawabwezera funso la malipiro ndipo anandiuza okha, anandipatsa ntchito yokapangira kunyumba, ka API (pulogalamu imene mapulogalamu ena amalankhula nayo) kakang'ono kolembetsa anthu ndi kusunga zinthu zawo, anati zisapitirire maola anayi. Ine zinanditengera pafupifupi asanu ndi awiri, ndipo mu README, file yofotokoza za project, ndinalemba zoona kuti ndapitirira, ndinalembanso zimene ndasiya dala ndi zimene ndikanachita ndikanakhala ndi nthawi. README imeneyo musaione ngati yongokongoletsa, ena amayamba kuwerenga iyo asanatsegule code. Ndinaikamo ma test ochepa, ma commit a Git, magawo amene umasungira zimene wasintha mu code, ndinawagawa bwino osati commit imodzi yolembedwa final. Pankhani ya AI funsani kaye, makampani ena amalola ena amaletsa, koma ngakhale alole dziwani kuti mudzafunsidwa mzere uliwonse, ndipo mzere umene sunaumvetse umaonekera pankhope.

Apa ndipatuke pang'ono chifukwa ndi nkhani yoopsa. Pali akuba amene amadzipanga ma recruiter, amakutumizira project kuti uitsitse ndi kuiyendetsa pa kompyuta yako ngati mayeso, mkatimo muli malware yoba ma password ndi ma wallet a crypto. A Unit 42, gulu lofufuza za chitetezo cha makompyuta la ku kampani ya Palo Alto Networks, analemba za kagulu kochita zimenezi mu November 2023, anakatcha Contagious Interview. Ndiye munthu amene simukumudziwa akakutumizirani repo, project ya code yoti muitsitse, onani kaye ngati imelo yake ndi ya kampaniyo, ngati ntchitoyo ilipodi pa website yawo, ndipo aliyense wokuuzani kuti mulipire kenakake kuti mupange intavyu ameneyo ndi wakuba basi.

Tsiku lokambirana za ka API kaja panali anthu awiri, mayi wina amene ndi mkulu wa timu ndi mnyamata wa msinkhu wanga. Mayi aja anatsegula file imodzi nkuima pa mzere umene ndinalemba query ya search ndi f-string, kulowetsa zimene munthu walemba molunjika mu SQL. Mtima unagunda. Malo ena onse ndinapanga bwino ndi ma parameter koma apa ndinathamanga. Kale ndikanayamba kudziteteza kapena kungoti zii, koma ndinati apa ndalakwitsa, imeneyi ndi SQL injection, munthu akhoza kulemba kachidutswa ka SQL mu bokosi la search nkuona data ya anthu ena, ndipo ndikonza chonchi, ndinakonza pomwepo iwo akuona. Anangogwedeza mutu nkupitirira kufunsa chifukwa chimene ndinasankhira bcrypt, njira yobisira ma password, ndinafotokoza kuti inapangidwa dala kuti izichedwa ndipo imaika salt, zilembo zongopeka zoonjezera pa password iliyonse, pamene MD5, njira ina yakale, ndi yachangu kwambiri moti wakuba akaba database amayesa ma password ambirimbiri pa sekondi. Ndinatuluka mmenemo ndikuganiza kuti f-string ija yandipha. Sinandiphe.

Gawo la system design, lofotokoza mmene ungakonzere system yonse, ndi limene ndimaliopa kwambiri chifukwa sindinapangepo chinthu chogwiritsidwa ntchito ndi anthu mamiliyoni. Anati tipange chofupikitsa ma link, ngati Bitly. Ulendo uno ndinayamba ndi mafunso mpaka ndinadzidabwa, ma link angati patsiku, amatha nthawi kapena ndi amuyaya, tikufuna kuwerenga anthu amene adina kapena ayi. Funso lomalizali linandipulumutsa, chifukwa atati inde tikufuna kuwerenga, ndinatha kunena kuti ndiye tigwiritse redirect ya 302 osati 301, njira ziwiri zotumizira munthu ku link yeniyeni, poti 301 browser imaisunga ndipo ulendo wachiwiri munthu sadutsanso pa seva yathu, sitingamuwerenge. Za kutalika kwa link tinawerengera limodzi, zilembo zazing'ono 26, zazikulu 26, manambala 10, zonse 62, ukatenga malo 7 zimapereka ma link opitirira 3.5 thililiyoni, zokwana ndithu. Atafika pa cache, posungira zinthu zofunidwa pafupipafupi kuti zipezeke msanga, anandifunsa za Redis, ndinanena mosabisa kuti ndinangowerengapo sindinaigwiritsepo ntchito yeniyeni, koma ndikumva kuti imasunga zinthu mu memory ndiye ma link otchuka tingawaike mmenemo kuti database ipume, ndipo chimene ndikanafuna kudziwa ndi choti link ikafufutidwa cache timaiuza bwanji. Mnyamata uja anamwetulira nkuyamba kundifotokozera mmene iwo amapangira, mphindi zisanu zotsatira zinali ngati tikungocheza pa ntchito.

Mawu oti sindikudziwa saluma, bola usaimire pomwepo. Unene chimene ukudziwa chapafupi ndi mmene ungafufuzire. Chimene chimaluma ndi kunamizira, chifukwa amene akukufunsayo chinthucho amachigwira tsiku ndi tsiku ndipo funso lachiwiri lokha lakugwira.

Lomaliza linali la khalidwe, ndi manijala, lija amati tiuzeni nthawi imene munalakwitsa, nthawi imene munasemphana ndi mnzanu pa ntchito. Anthu a code timalipeputsa gawo limeneli koma limagwetsa anthu ambiri, makampani ena ngati Amazon ali ndi mfundo zawo 16 za utsogoleri zimene mafunso oterewa amachokerako. Njira imene inandithandiza ndi ija amati STAR, unene mmene zinthu zinalili, udindo wako unali chani, unachita chani iweyo, ndipo zinatha bwanji. Ndinakonzeratu nkhani zisanu zenizeni. Imene ndinafotokoza ndi ya tsiku limene ndinayendetsa UPDATE, lamulo losintha data, pa database yeniyeni nditaiwala WHERE, gawo lonena mizere yoti isinthe, mizere yonse ya table inasintha nthawi imodzi, ndinaona nambala ya mizere yosinthidwa pa sikirini miyendo inazizira. Ndinawauza kuti ndinaimbira bwana wanga nthawi yomweyo osayesa kubisa, tinabweza kuchokera pa backup ya usiku, zotsalazo ndinakonza pamanja mpaka madzulo, ndipo kuyambira pamenepo ndimayamba ndi SELECT, yongoonetsa mizere osaisintha, yokhala ndi WHERE yomweyo, ndimatsegula transaction kuti ndithe kubweza ndikalakwitsa, ndikaona nambala ya mizere ndi yolondola ndiye commit. Manijala uja anaseka nati aliyense pano ali ndi nkhani yake ya WHERE. Langizo langa apa, muzinena kuti ndinachita, osati tinachita tinachita nthawi zonse, ife tinazolowera kudzichepetsa koma iwo akulemba ntchito iwe osati timu yako yakale. Ndipo bwana wanu wakale musamunyoze ngakhale anali wovuta bwanji.

Akakufunsani kuti muli ndi funso, musati ayi. Ine ndinafunsa kuti code imaunikidwa bwanji isanalowe, munthu watsopano amatenga nthawi yaitali bwanji kuti atumize ntchito yake yoyamba, ndi ndani amadzuka usiku system ikagwa. Mayankho ake amakuuza zambiri za malowo kuposa website yawo.

Tizinthu ting'onoting'ono tomwe tinandivutitsa, yesani kamera ndi maiki tsiku lisanafike, laputopu ikhale yodzaza, khalani ndi hotspot ya pa foni yokonzeka chifukwa ine intaneti inaduka pakati pa system design ndipo ndinabwerera pasanathe mphindi ziwiri, palibe anadandaula. Onetsetsani za nthawi ngati kampaniyo ili dziko lina, calendar invite ndi imene muikhulupirire osati kuwerengera kwa mmutu. Tsekani ma notification musanagawane sikirini, izi musafunse kuti ndinadziwa bwanji.

Zonse pamodzi ku kampani yachiwiri zinatenga masabata asanu, ndipo pakati pake panali sabata yathunthu ya zii yomwe ndinali nditatsimikiza kuti andisiya, ndinatumiza imelo imodzi yaulemu yofunsa pamene zafika ndipo anayankha kuti munthu wina anali pa tchuthi. Atandiimbira kuti anditenga ndinafuna kukuwa kuti inde pompo, koma ndinathokoza ndikupempha kuti anditumizire zolembedwa ndione masiku awiri. Kuntchito kwakale sindinanene kanthu mpaka kalatayo itafika. Nditaiwerenga ndinapeza kuti nkhani ya on-call, yodzuka usiku ija, inalembedwa mwachidule osanena kuti ndi kangati, ndinafunsa, anandiyankha pa imelo kuti ndi sabata imodzi pa masabata asanu ndi limodzi ndipo sindiyamba mpaka probation itatha, ndinapempha kuti aikemo mu contract momwemo ndipo anaika. Ndinapemphanso kuti akweze malipiro pang'ono, mawu akunjenjemera, anakweza theka la zimene ndinapempha, ndinasaina Lachisanu.